Usiku umene Lynyrd Skynyrd sinafike ku Baton Rouge

Lachisanu pa 21 October 1977, holo yaikulu ya pa Louisiana State University mumzinda wa Baton Rouge inkayembekezeka kudzaza ndi achinyamata. Gulu loimba la Lynyrd Skynyrd, lochokera ku Jacksonville m'chigawo cha Florida, linali litangotulutsa chimbale chatsopano Lolemba la sabata yomweyo, ndipo linali pa ulendo wokachiimba m'mizinda yosiyanasiyana ya ku America. Anthu anali atagula kale matikiti. Koma madzulo a Lachinayi, ndege yomwe inanyamula oimbawo inagwa m'nkhalango ya m'dambo pafupi ndi kamudzi ka Gillsburg ku Mississippi, mtunda wosafika makilomita 100 kuchokera komwe ankapita. Mwa anthu 26 omwe anali m'ndegemo, asanu ndi mmodzi anafera pomwepo.

Ngoziyi ambiri amakonda kuikamba ngati malodza. Amati woimba wamkulu wa gululo, Ronnie Van Zant, ankanena yekha kuti sadzafika zaka 30, ndipo anamwaliradi ali ndi zaka 29. Amatchulanso chithunzi cha pachikuto cha chimbale chija, Street Survivors, chomwe chinkaonetsa oimbawo ataima pakati pa malawi a moto. Zachithunzizo n'zoona, ndipo kampani ya MCA inachisintha ngozi itangochitika polemekeza ofedwa. Komatu malodza samaliza mafuta m'thanki ya ndege. Kuti munthu amvetse chomwe chinaika anthu amenewa m'ndege yakale chonchija, ayambire pa holo yomwe ankathamangira, ndi kufunsa kuti anyamata omwe ena mwa iwo sanamalize n'komwe sekondale ankakatani ku yunivesite.

Holo yomangidwira mpira

Holo ija sanaimangire nyimbo. Kuyambira 1967 mpaka 1970, timu ya basketball ya pa yunivesiteyi inali ndi mnyamata wina, Pete Maravich, yemwe anaponya mapointi 3,667 m'zaka zitatu zokha, kutanthauza mapointi oposa 44 pa masewero alionse. Nthawi imeneyo timuyi inkasewerera m'holo yakale yomwe ankachitiramonso zionetsero za ng'ombe ndi ziweto zina, ndipo anthu ofuna kumuonera sankakwanamo. Motero panamangidwa holo yatsopano yozungulira, ya denga looneka ngati mbale yovundikira, yolowa anthu oposa 13,000. Inatsegulidwa kumayambiriro kwa 1972, dzina lake LSU Assembly Center. Pofika nthawiyo Maravich anali atachoka kale pasukulupo, koma anthu a mumzindawo ankanenabe kuti holoyo inamangidwa chifukwa cha iye.

Chinyumba chotere chimadya ndalama tsiku lililonse, kaya muli anthu kaya mulibe. Magetsi, okonza, alonda, zonsezo zimafuna malipiro, pomwe masewero a basketball a pakhomo saposa 20 pachaka. Masiku otsalawo akuluakulu a sukulu ankafuna china chodzaziramo anthu: mwambo wopereka madigiri, misonkhano ya ndale, alaliki otchuka, ndiponso oimba. M'mizinda yambiri yakummwera kwa America, monga Tuscaloosa, Auburn, Athens, Clemson kapena Starkville, denga lalikulu kuposa onse linali la yunivesite. Gulu loimba likakula moti silingakwanenso m'mabala ndi m'maholo a kanema, koma lisanafike podzaza bwalo la mpira la anthu 60,000, malo ake anali amenewa.

Oonera nawo anali pomwepo. Ana omwe anabadwa mwaunyinji nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha anali atafika msinkhu wa ku koleji. Cha m'ma 1960 ophunzira a m'makoleji a ku America anali pafupifupi 3.6 miliyoni, pofika 1970 anali ataposa 8 miliyoni, ndipo mu 1975 anapitirira 11 miliyoni. Pa sukulu zambiri panali komiti ya ophunzira yoona za zisangalalo, yomwe inkapatsidwa gawo la ndalama zomwe ophunzira amalipira, ndipo inkatha kuitana gulu loimba yokha kapena mogwirizana ndi munthu wa bizinesi yokonza makonsati. Tikiti nthawi zambiri sinkafika madola 10. Omwe sanali ophunzira ankalowanso: anyamata a m'mafakitale, a m'magalaja, a kumunda, ena atayenda maola angapo pa galimoto. Kwa ambiri a iwo, usiku wa konsati ndi umene ankaponda pa yunivesite.

Tsiku la konsati ntchito inkayamba m'mawa. Pansi pa matabwa osalala osewererapo mpira ankayalapo zotchinga kuti pasakandike, kumapeto kwina n'kumanga nsanja. Malole onyamula zokuzira mawu, magetsi, ng'oma ndi magitala ankafika atayenda usiku wonse kuchokera ku mzinda wa dzulo lake. Holo za mpira zinapangidwa kuti phokoso la ochemerera lizimveka kawiri, choncho mawu a nyimbo ankagunda khoma la konkire n'kubwerera, ndipo wosakaniza mawu ankalimbana nazo masana onse. Konsati ikatha, pakati pa usiku, zonse ankazimasula n'kupakiranso. Ndalama zenizeni za kampani ya nyimbo zinali m'zimbale, ndipo ulendo wotere unali njira yogulitsira zimbalezo. N'chifukwa chake masiku ankawapanikiza: lero kuno, mawa kapena mkuja kwina, kwa miyezi.

Holo ya ku Baton Rouge inali itadziwika kale kwa oimba akuluakulu. The Rolling Stones anayambira mmenemo ulendo wawo wa ku America pa 1 June 1975. Led Zeppelin inaimbamo mu 1975 ndi mu 1977. Elvis Presley analephera kukwera pa nsanja mmenemo pa 31 March 1977 chifukwa chodwala anthu atakhala kale m'mipando, n'kudzabwereranso kumapeto kwa May, miyezi yosakwana itatu asanamwalire.

Nyimbo zake zinachokera kuti

Yemwe anakula akumva Jim Reeves kapena Don Williams pa wailesi kuno kwathu ali kale ndi theka la yankho. Nyimbo zomwe a Lynyrd Skynyrd ankaimba, zomwe amati southern rock, ndi mphwake wa country, koma mphwake waphokoso. Muli country ya azungu osauka a m'midzi, muli nyimbo za m'tchalitchi, ndipo pansi pa zonsezo pali blues ya anthu akuda a m'minda ya thonje ya ku Mississippi. Chodabwitsa n'chakuti anyamata ambiri achizungu akummwera blues imeneyi anayamba kuimvera kwa oimba a ku Britain monga The Rolling Stones ndi Cream, omwe anaiphunzira pa zimbale za Muddy Waters ndi anzake. Nyimbo yobadwira kuseri kwa nyumba yawo inachita kuoloka nyanja kawiri kuti iwafike m'khutu.

Omwe anatsegula njira ndi The Allman Brothers Band, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1969 n'kukhazikika ku Macon m'chigawo cha Georgia. Mtsogoleri wake, Duane Allman, anali ataimbira gitala oimba akuda otchuka Wilson Pickett ndi Aretha Franklin, ndipo mmodzi mwa oomba ng'oma awiri a gululo, Jaimoe, anali munthu wakuda yemwe anayendapo ndi woimba wakuda wotchuka, Otis Redding. Mwini kampani yawo ya Capricorn Records, Phil Walden, ndi yemwe anali manijala wa Redding. Mu 1970 mokha gululi linaimba makonsati oposa 300, ambiri m'makoleji, likuyenda pa kagalimoto kopanikizana. Zina mwa zomwe anajambula pa American University mu December 1970 ndi ku Stony Brook mu September 1971 zinadzatuluka pa zimbale patapita zaka zambiri. Ophunzira ankapirira nyimbo imodzi ya mphindi 20 yomwe wailesi wamba sikanaiulutsa. Duane anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto ku Macon pa 29 October 1971 ali ndi zaka 24, koma njira inali itatseguka kale kwa Marshall Tucker Band ya ku Spartanburg, Charlie Daniels Band, Wet Willie, Outlaws ndi ena.

Lynyrd Skynyrd inali yosiyana ndi a Allman. Ronnie Van Zant, Gary Rossington ndi Allen Collins anayamba kuimba limodzi mu 1964 ali achichepere, kuchigawo cha anthu osauka cha kumadzulo kwa Jacksonville. Bambo ake a Ronnie ankayendetsa lole. Dzina la gululo analitenga kwa mphunzitsi wa zolimbitsa thupi wa pa Robert E. Lee High School, Leonard Skinner, yemwe ankakhwimitsa lamulo loletsa anyamata kusunga tsitsi lalitali. Ankayeserera nyimbo m'kanyumba kamalata kotentha kwambiri kutchire pafupi ndi Green Cove Springs, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Ronnie akuwayang'anira ngati kapitawo. Pomwe a Allman ankalola nyimbo kupita komwe yafuna usiku umenewo, a Skynyrd ankaloweza chilichonse, ngakhale gawo lomwe gitala imalira yokha. Wojambula nyimbo wina, Al Kooper, anawapeza mu bala ina ku Atlanta mu 1972, chimbale choyamba chinatuluka mu 1973, ndipo chaka chomwecho anayenda ndi The Who ngati otsegulira konsati.

Chizindikiro chawo chinali magitala atatu otsogolera, kuphatikiza piyano ya Billy Powell ndi bezi ya Leon Wilkeson. Ronnie ankakonda kuimba wosavala nsapato, chipewa kumutu, osavina, atangogwira ndodo ya chokuzira mawu. Konsati inkathera pa nyimbo ya Free Bird, yomwe pa chimbale ndi ya mphindi zisanu ndi zinayi koma pa nsanja inkafika mphindi 14, theka lake lomaliza kuli magitala okhaokha akuthamangitsana. Ed King, mmodzi mwa oimba gitala, atatopa n'kuchoka mu 1975, gululi linazilala pang'ono. Mu 1976 Cassie Gaines, mmodzi mwa amayi atatu othandizira mawu, anapempha kuti amuyese mchimwene wake Steve. Steve Gaines anabwezeretsa moto m'gululo, ndipo Ronnie yemwe ankamuyamikira poyera.

Mbendera kumbuyo kwa nsanja

Apa ndi pomwe nkhaniyi imavuta, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kuilumpha. Pa 11 June 1963, bwanamkubwa wa Alabama, George Wallace, anaima pakhomo kuti ophunzira awiri akuda, Vivian Malone ndi James Hood, asalowe kukalembetsa pa University of Alabama. Khomo limenelo linali la Foster Auditorium, holo yomwe timu ya basketball ya pasukulupo inkasewereramo. Ku Louisiana State University, wophunzira wakuda woyamba wa digiri yoyamba, A. P. Tureaud Jr., analowa mu 1953 koma anachotsedwa pasanathe miyezi iwiri, ndipo zitseko zinadzatsegukadi mu 1964. Wosewera basketball wakuda woyamba pa timu yaikulu ya sukuluyi, Collis Temple Jr., anayamba mu 1971. Mumzinda womwewo, pa Southern University, yomwe ndi sukulu ya anthu akuda, ophunzira awiri anaphedwa ndi mfuti pa zionetsero mu November 1972. Choncho holo za mayunivesite zomwe magulu a southern rock ankaimbamo zinali malo omwe mabala a tsankho anali asanapole.

M'holo zoterezi a Lynyrd Skynyrd ankapachika kumbuyo kwa nsanja chimbendera chofiira chokhala ndi mtanda wabuluu wopingasa ndi nyenyezi zoyera. Imeneyi ndi mbendera ya nkhondo ya zigawo zakummwera zomwe zinagalukira boma la America pofuna kusunga ukapolo, pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Inadzatchukanso m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 m'manja mwa omwe ankakana kuti ana akuda ndi achizungu aphunzire limodzi. Georgia inaiika pa mbendera yake mu 1956, ndipo Mississippi inadzaichotsa pa yake mu 2020. Ena a m'gululo anadzanena kuti ganizo loipachika linachokera ku kampani ya nyimbo, yomwe inkafuna kuwagulitsa ngati anyamata osamva akummwera.

Nyimbo yawo ya mu 1974, Sweet Home Alabama, inawonjezera mkangano. Inali yankho kwa woimba wa ku Canada, Neil Young, yemwe anali atadzudzula kummwera pa nkhani ya tsankho m'nyimbo zake ziwiri. Imatchula za bwanamkubwa wokondedwa ku Birmingham, mzinda wa ku Alabama, kenako pamamveka mawu okuwiza, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati akukuwiza Wallace kapena omutsutsa. Ronnie ankauza atolankhani kuti sankagwirizana ndi zomwe Wallace ankanena za anthu akuda. Omwe anapeka nyimboyi panalibe wa ku Alabama: awiri a ku Florida, mmodzi wa ku California. Amayi omwe anathandizira mawu pa chimbalecho, Merry Clayton ndi Clydie King, anali akuda. Ndipo pa chithunzi chija cha Street Survivors, Ronnie wavala malaya okhala ndi nkhope ya Neil Young.

Ine sindikhulupirira kuti Van Zant anali munthu wa Wallace. Anapeka nyimbo yolemekeza nkhalamba yakuda yoimba blues, ina yodzudzula mfuti zotchipa za m'thumba, ina yochenjeza anzake a m'gulu lomwelo za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chomwe ankateteza chinali ulemu wa mzungu wosauka yemwe anthu akumpoto ankamuona ngati mbuli. Komabe mbendera siimasulidwa ndi woipachika yekha. Wophunzira wakuda yemwe agogo a agogo ake anagulitsidwa pa msika ku New Orleans akalowa m'holo ya sukulu yake n'kuona nsalu imeneyo, samva za kunyadira kwanu, amamva kuti malo ano si ake. Oimbawo anatenga nyimbo kwa anthu akuda n'kuziimba pansi pa chizindikiro cha omwe anawamanga maunyolo, ndipo zimenezi sizifufutika ndi ubwino wa nyimbo. A Allman anasankha njira ina: mu 1975 anaimba makonsati osonkhetsera ndalama Jimmy Carter, bwanamkubwa wakale wa Georgia yemwe ananena poyera kuti nthawi ya tsankho yatha. Mu 2012 Gary Rossington anauza CNN kuti gululi likusiya mbenderayo, otsatira ena anakwiya, ndipo panapitanso zaka isanachokeretu.

Ndege

Kuchokera ku Greenville m'chigawo cha South Carolina, komwe anaimba Lachitatu pa 19 October, kukafika ku Baton Rouge ndi makilomita pafupifupi 1,000. Pa basi ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Pa ndege za anthu onse pankafunika kusintha panjira, ndi anthu oposa 20 ndi katundu wawo. Magulu omwe anali ndi ndalama ankachita hayala ndege yawoyawo, ndipo mmene ndalamazo zinalili ndi mmenenso ndegeyo inkakhalira. Led Zeppelin inkayenda pa Boeing. A Skynyrd anabwereka Convair CV-240 ku kampani ina ya ku Texas, ndege ya mainjini awiri a zopalasira mphepo, yopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Inali ndi zaka pafupifupi 30.

Kuopsa kwa maulendo otere sikunali kwachilendo kwa oimba. Jim Reeves anafera m'kandege komwe ankayendetsa yekha pafupi ndi Nashville mu July 1964. Otis Redding anagwera m'nyanja ku Wisconsin mu December 1967. Jim Croce anamwalira pa 20 September 1973 ku Natchitoches, ku Louisiana konko, ndege yake itagunda mtengo ponyamuka, atangomaliza kuimba m'holo ya Northwestern State University ndipo akuthamangira ku koleji ina ku Texas.

Chenjezo linalipo. Pa ulendo wochokera ku Lakeland ku Florida kupita ku Greenville, masiku awiri ngozi isanachitike, okwera anaona malawi a moto akutuluka ku injini yakumanja. Ena anachita mantha moti sankafunanso kukwera. Cassie Gaines ankafuna kuyenda pa lole ya katundu, koma anamunyengerera. Mfundo inali yoti apirire ulendo umodzi wokha, injiniyo akaikonze ku Baton Rouge. Konsati inali mawa lake, anthu anali atalipira, ndipo chimbale chinali changotuluka kumene. Pamapeto pake onse anakwera.

Ku Greenville anathira mafuta magaloni 400, omwe ndi malita pafupifupi 1,500, kuwonjezera pa omwe oyendetsa ankaganiza kuti atsalamo. Ananyamuka chakumadzulo. M'ndegemo ena ankasewera makadi, ena kumvera nyimbo, Ronnie atagona pansi. Patatha maola oposa awiri ndi theka, nthawi ili cha m'ma 6:42, woyendetsa Walter McCreary anauza oyang'anira za maulendo a ndege ku Houston kuti mafuta atsala pang'ono ndipo akufuna bwalo lililonse lapafupi. Bwalo lapafupi linali la ku McComb, koma anali atalipitirira kale ndipo anayenera kutembenuka. Pasanapite mphindi zingapo ananenanso kuti mafuta atheratu. Mainjini onse awiri anazima. Omwe anapulumuka amakumbukira kuti munangoti zii, kumangomveka mphepo. Oyendetsa anayesa kulunjika pamalo ena opanda mitengo, koma sanafikepo. Itatsala pang'ono kukwana 7 koloko, kukuyamba kuda, ndegeyo inayamba kumeta nsonga za mitengo, mapiko n'kuthothoka, thupi lake n'kung'ambika.

Ronnie Van Zant, Steve Gaines, Cassie Gaines, wothandizira kuyendetsa ulendo Dean Kilpatrick, McCreary ndi woyendetsa mnzake William Gray anamwalira. Woomba ng'oma, Artimus Pyle, nthiti zili zothyoka, anadutsa m'dambo ndi anzake awiri mpaka anafika pa nyumba ya mlimi wina kukapempha thandizo. Omwe anayamba kufika pamalopo anali anthu wamba a m'deralo, alimi ndi ozimitsa moto ongodzipereka. Anaoloka kamtsinje mumdima atanyamula ovulala, kuwakweza pa magalimoto a kumunda kupita nawo kuchipatala ku McComb. Rossington anathyoka manja ndi miyendo. Collins anavulala khosi ndi dzanja moti madokotala anaganiza zolidula. Powell anang'ambika nkhope. Ambiri mwa omwe anawanyamula usiku umenewo sankadziwa n'komwe kuti akunyamula anthu otchuka.

Bungwe la boma lofufuza ngozi za maulendo, National Transportation Safety Board, linatulutsa lipoti lake mu 1978. Linapeza kuti mainjini anazima chifukwa mafuta anatha, ndipo anatha chifukwa oyendetsa sanali kuwayang'anira mokwanira. Linatchulanso zinthu ziwiri zomwe zinathandizira: ulendowo sanaukonzekere bwino, ndipo injini yakumanja inali ndi vuto lomwe linkachititsa kuti imwe mafuta ochuluka kuposa masiku onse. Oyendetsa anali ataitchera kuti izilandira mafuta ambiri pofuna kuti isamatsokomole, koma masamu awo a mafuta sanawasinthe mogwirizana ndi zimenezo. Panjira anadutsa mabwalo angapo omwe akanatha kuterapo n'kuthira ena. Ofufuza atafika pa zotsala za ndegeyo anapeza mafuta ongokwana pafupifupi lita imodzi. N'chifukwa chakenso sipanabuke moto, ndipo mwina ndi chimene chinapulumutsa anthu 20 aja.

Mlandu waukulu lipotilo linauika pa oyendetsa, ndipo mpake. Koma ndikaliwerenga pamodzi ndi ndondomeko ya masiku a ulendowo, ndimaona kuti panalinso anthu ena omwe akanatha kunena kuti ayi. Ndege yomwe yalavula moto Lachiwiri siyenera kunyamula anthu 26 Lachinayi isanakonzedwe. Panali tsiku lathunthu lopuma pakati pa makonsati awiriwo, lokwanira kuyenda pamsewu. Chomwe chinalemera kuposa mantha a Cassie Gaines chinali chizolowezi cha ntchito imeneyi, chakuti holo ikalipiridwa gulu liyenera kufika, ndipo wodandaula amaoneka ngati wofooka. Anyamatawa anakulira m'chikhalidwe chimenecho kuyambira m'kanyumba kamalata kaja, ndipo ndi chomwe chinawafikitsa pamwamba. Ulendowu unkayenera kukawafikitsa ku Madison Square Garden ku New York mu November.

Zotsatira zake zinali zazitali. Chimbale chija chinagulidwa kwambiri, koma gulu linatha. Rossington ndi Collins anayambitsa lina lomwe silinakhalitse. Collins anachita ngozi ya galimoto mu 1986, n'kufa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo anamwalira mu January 1990. Mu 1987 otsalawo anakumananso, pamalo pa Ronnie pataima mng'ono wake Johnny Van Zant. Wilkeson anamwalira mu 2001, Powell mu 2009, Ed King mu 2018, ndipo Rossington, womaliza mwa omwe analiyambitsa, pa 5 March 2023. Gulu lotchedwa Lynyrd Skynyrd likuyendabe ngakhale mulibenso aliyense wa pachiyambi, ndipo okonda nyimbozi amagawikana ngati n'koyenera kulitchabe dzinalo. Pafupi ndi pomwe ndege inagwera anthu a m'deralo anaimikapo chipilala mu 2019. Holo ija inasintha dzina mu 1988 kukhala Pete Maravich Assembly Center, Maravich atamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 40, ndipo matimu a yunivesiteyo akusewereramo mpaka pano.

Mu July 1991, litatulutsa chimbale choyamba cha nyimbo zatsopano chichitikireni ngoziyo, gululi linasankha kuyambira ulendo wake ku Baton Rouge. Linalengeza kuti aliyense yemwe anasungabe tikiti ya pa 21 October 1977 alowa ulere. Panapezeka anthu omwe anafika pakhomo ndi timapepala timeneto, atatisunga zaka pafupifupi 14.